Nkhasi za m'Galasi

Zinafika pa Nchalo zili ziwiri, m'chidebe cha ayisikirimu,
iliyonse ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola,
mwana wa injiniya atazifungatira pamiyendo.
Ina anaitcha Bisiketi, ina Shuga.
Ine anandilemba ntchito yothirira kapinga,
koma posakhalitsa ndinali wosintha madzi m'bokosi la galasi
Lachiwiri ndi Loweruka,
n'kumaziponyera timibulu tonunkha usipa
ta m'kachitini kodula kuposa thukuta langa la masiku atatu.

Kuseri kwa diso zinali ndi mzere wofiira
ngati wina wazikhudza ndi chala cha tsabola.
Nkhasi zakwathu sizivala zotere.
Zakwathu n'zamatope, zamanyazi,
ukazitola zimapinda khosi cham'mbali, n'kukusiyira fungo m'manja.
Izi zinkangobweza mutu pang'ono
n'kumakuyang'ana.

Zaka zinayi. Zinakula ngati mbale.
Kontirakiti ya bwana itatha
lole inanyamula filiji, njinga, ngakhale miphika ya maluwa.
Galasi linatsala pakhonde.
Dona, mwendo umodzi uli kale m'galimoto, anati:
Alufandika, uona chochita.

Ndinaona chochita.
Kuphika sindikanatha,
chinthu chimene wachiitanapo dzina sichilowa mumphika.
Ndinazikulunga m'thumba la feteleza, n'kumanga pa kaliyala,
n'kutsata ngalande ya m'minda ya nzimbe
mpaka pamene konkire imathera, bango n'kuyamba.
Ndinati pitani, kwanu n'kumadzi.
Pobwerera ndinkaimba mluzu
ndikudziyesa munthu wa chifundo.

Madzi osefukira anabwera, anapita ndi mbuzi za anthu.
Anabweranso.

Dzulo mlamu wanga Zuze watulukira kuchokera kudooko,
mono paphewa, nkhope ngati wabwera kudzanena maliro.
Wakhuthula pabwalo: mphende ziwiri zodyeka mimba,
ndi tinthu titatu tokwawa,
tating'ono ngati tija tinabwera m'chidebe,
tsabola kuseri kwa diso.
Akuti zikumaliza nyambo pa mbedza mlamba usanaifike.
Akuti zikubudula mphukira za nyika,
nyika yomwe akazi athu amamira kukaizula
Januwale akaluma,
ng'ona zikuwawerengera mapazi.
Akuti pachipika chija nkhasi zathu zinkaothera dzuwa
pano pasanjikizana izi, ina pamsana pa inzake,
ndipo zathu sakuzionanso,
kaya zasamuka, kaya zatani, iye si wa boma.

Kenako wandiyang'ana.
Mlamu, iwe wakhala kumayadi,
chimenechi n'chiyani?

Ndinawerama, ndinatembenuza kamodzi ndi kamtengo,
pamimba pachikasu ndi timadontho takuda tomwe ndikanajambula nditatsinzina.
Ndinati sindinachionepo.

Malemu bambo ankati namasupuni naye anabwera ngati duwa,
wina anamukonda, anamuika m'beseni pakhonde,
atatopa naye anamutaya mwaulemu.
Ndinkaseka. Ndinkati munthu wake anali chitsiru chotani?
Lero bwato likakodwa m'masamba ake
timatukwana munthu wopanda dzina.
Ine dzina ndili nalo.

Usiku kunatentha, kutentha kwa kuno kotulutsa mphasa panja.
Ndinagona chagada, udzudzu ukundizenga mlandu m'khutu,
ndikuwerenga mazira amene sindinawaone:
khumi m'dzenje limodzi, maenje angati pachaka,
zaka zingati chamoyo chonga ichi chimakhala.
Mwana uja pano mwina ali ndi ndevu,
mwina amauza anzake kuti kale ku Africa anali ndi tiziweto tiwiri.

M'mawa ndapalasa njinga mpaka pothera konkire.
Madzi ali zii, ntchentche zokha.
Ndayang'ana uku ndi uku, kuopa kundiyesa wamisala,
ndipo ndaitana motsitsa: Bisiketi.

Pakati pa masupuni patuluka mutu,
waukulu tsopano, wofiira wake utazilala.
Sunathawe.
Wasambira molunjika pomwe ndaima,
wayasamula kukamwa.

Ndipamene ndakumbukira kuti lero n'Loweruka.